Khuntho Lobwereka

Kuseri kwa mapiri amene aphunzitsi sawatchula m'kalasi kuli ufumu wina wotchedwa Tavomera. Ndi dziko labwino ndithu. Mvula imagwa ikafuna, mbuzi zimaswa, ndipo anthu ake ali ndi zikhatho zolimba chifukwa cha ntchito ziwiri, kulima ndi kuwomba m'manja.

Chaka chimene tikunenachi pampando panali Mfumu Yaikulu Ndinepano Wachinayi. Mfumuyi inali ndi zonse: galimoto zisanu ndi ziwiri, mkanjo wonyezimira, ndiponso munthu wolembedwa ntchito yongoseka iyo ikanena nthabwala. Chinthu chimodzi chokha ndicho chinkaisowetsa mtendere. Inalibe chisoti cha makolo. Mafumu anzake pamisonkhano ankavala nthenga ndi zikopa zimene agogo awo anasiya, pomwe iyo inkavala chipewa chogula kusitolo. Akuluakulu ankadziwa chifukwa chake. Ndinepano Woyamba anali wophikira azungu a ku Chisanu amene ankalamulira dzikolo kalelo, ndipo ufumu anaupeza chifukwa chodziwa kukazinga mazira. Koma ku Tavomera munthu amafika paukalamba chifukwa chodziwa kutseka pakamwa.

Tsiku lina kunabwera kalata yochokera ku Chisanu. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya kumeneko inati yapeza m'chipinda chake chapansi katundu wa ku Tavomera. Kapepala komangiriridwa pakatunduyo kanali ndi mawu akuti, "Chisoti chachifumu, chovala popempha mvula. Chinaperekedwa mwachimwemwe kwa Bwana woyendera midzi ndi anthu a pakhomo pa Nakwenda, m'mudzi wa Kathawa." Achisanu anati mitima yawo ikuwawa ndi zimene makolo awo anachita, choncho chisoticho achibweretsa. Kubweza ayi. Kubwereketsa, zaka zitatu. Anapemphanso kuti papezeke munthu wa banja lomwelo adzafotokoze mbiri yake pamaso pa kamera, pakuti kumeneko kunali kutatulukira nzeru yatsopano yoti eni zinthu nawonso ali ndi pakamwa.

Mfumu inaitanitsa bwalo tsiku lomwelo. Woyamba kuimirira anali a Pakamwa, Nduna ya Zamakedzana, munthu wamfupi wamawu osalala ngati mafuta a nsatsi.

"Mfumu ya mafumu," anatero a Pakamwa, "ine mutu wanuwu ndinkauona kalekale kuti ukudikira kanthu."

Nduna ina yokalamba, imene inali itangodzidzimuka kutulo, inafunsa, "Koma ndamva ngati akuti kubwereketsa. Chinthu chathu chomwe?"

"Umenewo ndiye ulemu wa kwawo," anayankha a Pakamwa. "Wopemphapempha amangomupatsa. Amene amamubwereka ndi munthu wokhulupirika. Achisanu atikhulupirira, abale anga."

Bwalo lonse linayankha pamodzi monga mwa mwambo wa dzikolo, "Tavomera!"

Malamulo anatuluka ngati ngumbi mvula yoyamba. Tsiku lofika chisoti aliyense asapite kumunda. Misewu ithiridwe madzi kuti fumbi lisachite mwano. Agalu amangidwe, atambala alire motsitsa. Munthu asavale chipewa chotalika kupitirira chikhatho. Ndipo chithunzi cha chisoticho chimatidwe m'misika yonse, anthu ayambe kuchizolowera.

Pamsika wa Tsitsaniko chithunzicho chinafika Lachitatu. Mesenjala anachimata pakhoma la ogulitsa usipa, anthu n'kuunjikana. Chinali chinthu chachitali cholukidwa ndi mlaza, kwina kotambasuka, kwina kosongoka, atachiimika kukamwa kuli pansi. Anthu anachiyang'anitsitsa.

"Chisoti chimenechi chikundikumbutsa kanthu kena," anatero mayi wogulitsa tomato.

"Chisakukumbutseni kanthu, mayi," anayankha wogulitsa nyama uku akunola mpeni. "Muli ndi ana aang'ono."

"Kwathu chisoti chotere timachiyanika pankhokwe tikatha ntchito."

"Ndiye kuti ndinu achifumu, bwanji simunkanena? Tikanamagula tomato wanu titagwada."

Panalibe mayi ngakhale mmodzi pamsikapo amene sanadziwe kuti limeneli ndi khuntho, thumba lija losefera mowa kuti masese atsale. Abambo nawo ankadziwa, popeza onse anakulira pafupi ndi mbiya. Anaseka chamumtima, ena n'kumatsokomola.

Mmodzi yekha sanaseke. Anali Anakwenda a ku Kathawa, mayi wa zaka makumi asanu ndi mphambu, amene ankagulitsa thobwa patsinde pa mtengo wa mango. Iwo maso awo anagwera pa mizere itatu yakuda pafupi ndi kukamwa kwa khuntholo, kalukidwe ka anthu a kwa Mphadwe okha. Ndipo mesenjala atawerenga mokweza mawu a pakapepala aja, amene anali m'munsi mwa chithunzicho, akuti "pakhomo pa Nakwenda," chikho chinawapulumuka m'manja n'kugwera mumtsuko.

Nkhani yake anaiyamwira kubere. Agogo a amayi awo, nawonso Nakwenda, anafulula mowa wa dima kuti anthu adzawathandize kupalira. Khuntho analibe, ndiye anakabwereka kwa anansi awo a kwa Mphadwe. Atakuntha mowawo analitsuka bwinobwino n'kuliyanika pankhokwe kuti mawa lake akabweze. M'mawa mwake kunatulukira mzungu amene anthu ankamutcha Chitolatola, ali ndi asilikali ake, kufuna amuna a thangata. Mudzi wonse unathawira kuphiri. Pobwerako patatha masiku atatu anapeza makola ali pululu, amuna anayi kulibe, ndipo pankhokwe panangotsala chingwe.

Gogoyo anapita kukagwada kwa eni khuntho. "Khuntho lanu latengedwa ndi mzungu."

Yankho limene analandira linasungidwa m'mabanja onse awiri ngati mbewu ya mawere. "Mbuzi tamva, amadya. Amuna tamva, akawasenzetsa katundu. Koma khuntho? Mzungu akakunthire chiyani? Nenani zoona kuti mwalibisa."

Gogoyo anati aluke lina, a kwa Mphadwe anakana. Anati vuto si khuntho, vuto ndi bodza. Kuyambira pamenepo khomo la Anakwenda linatchedwa pa Sabweza, ndipo dzinalo linayenda ndi ana aakazi, mayi kusiyira mwana, mwana kusiyira mdzukulu. Kumudzi munthu amakhala ndi zobwereka. Koma a pa Sabweza sankabwerekedwa nkhwangwa, sefa, lichero, ngakhale singano. Moto womwe ankawapalira pokhapokha abwere ndi phale lawolawo.

Anakwenda anali atazolowera. Koma chaka chimenechi mwana wawo Ndaziona ankakwatiwa anthu akakolola, ndipo ukwati suphikidwa ndi miphika iwiri. Miphika ikuluikulu ya m'mudzimo inali kwa Anamphadwe, mdzukulutuvi wa mwini khuntho uja, amene ankatsogolera amayi pophika pamaliro ndi pamaukwati. Anamphadwe akakana, mudzi wonse wakana. Anakwenda ankangoona m'maganizo alendo a kuchimuna atakhala pamphasa, akuyang'anana, chakudya chikubwera pang'onopang'ono ngati mankhwala.

Patapita masiku awiri galimoto yakuda inaima pakhomo pawo, nkhuku n'kubalalika. Anatsika a Pakamwa, pepala lili m'manja.

"Ndinu Anakwenda? Mayi, mwayi wagogoda pakhomo panu. Mukayankhula pamaso pa Mfumu ndi alendo. Mawu ake takukonzerani kale, inu kwanu n'kuloweza basi." Anakonza kukhosi n'kuwerenga. "Makolo athu ndiwo ankasunga chisoti cha mafumu. Mlendo atabwera anachikonda, ndipo tinamupatsa tikuvina."

"Tikuvina, bwana?"

"Mukuvina."

"Kuphiri kuja?"

"Phiri lisalowemo, mayi. Phiri ndi la Unduna wa Zankhalango."

Anakwenda anawayang'ana bamboyo mwachifundo, monga mmene umayang'anira mwana wa mnzako akamanama mosadziwa kunama. "Pepanitu bwana, ndingofunsa nawo. Amayi anu sankafulula?"

A Pakamwa anayang'ana nsapato zawo. "Amayi anga anali a mvano."

"Ngakhale thobwa?"

"Lowezani mawuwo, mayi."

Anakwenda analandira pepalalo ndi manja awiri. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti apite ndi mnzawo wowaperekeza, popeza mtima wawo umathamanga akaona anthu ambiri. Nduna inavomera.

Galimoto itangochoka, anamanga chitenje n'kuzungulira mpanda. Anamphadwe anali pakhonde akusenda nandolo. Anali mayi wamtali wa zaka makumi asanu ndi awiri, khutu lakumanzere losamva, lakumanja lomva zimene lafuna.

"Odi kuno!"

"Odini. Koma ngati ndi za miphika, yapita kumaliro."

"M'mudzi muno mulibe maliro, amayi."

"Adzakhalamo."

Anakwenda anakhala pansi chapatali pang'ono. "Sindinadzere miphika. Khuntho lanu lapezeka."

"Ndinaliona pamsika. Mizere ndi yathu, sindikana." Anamphadwe anataya makoko m'lichero. "Koma mizere sinena kuti linapita bwanji. Kapepalako akuti munapereka mwachimwemwe. Ndiye kuti simunabise ayi. Munakometsera nalo mzungu, chinthu cha eni."

Mawuwo analasa Anakwenda pamtima, koma anameza. "Tiyeni mukamve nokha. Galimoto idzatitenga."

"Ine ndikatani kunyumba yachifumu? Mawondo angawa sagwadanso."

"Akuti apha ng'ombe makumi awiri."

Anamphadwe anasenda nandolo zina zitatu. "Ndipita chifukwa cha ng'ombezo. Musaganize zina."

Tsikulo linafika. Bwalo la kunyumba yachifumu linadzaza mpaka m'mitengo. Zoyankhula zinayamba dzuwa lili pamapewa, n'kufika pamutu zisanathe. Nduna ya Zamisewu inathokoza msewu umene chisoti chadzera. Nduna ya Zanyengo inathokoza mitambo posabwera. A Pakamwa anafotokoza mmene Ndinepano wina wakalekale, amene mbiri inamuiwala mwangozi, anavalira chisotichi n'kugwetsa mvula miyezi isanu ndi inayi, mpaka anthu anakamupempha kuti avule.

Kenaka amuna anayi ovala magolovesi oyera anatulukira atanyamula bokosi lagalasi. Pambuyo pawo pankabwera Mayi Ingilidi, wantchito wa kunyumba ya zinthu zakale ija, mtsikana wowonda amene dzuwa linali litamufiiritsa ngati phwetekere. Anali ataphunzirako chiyankhulo cha dzikolo, ndipo ankapepesa aliyense amene wakumana naye, ndi oimba ng'oma omwe.

Mfumu inaimirira, inavula chipewa cha kusitolo chija n'kutambasula manja.

"Pepani kwambiri, Mfumu," anatero Mayi Ingilidi. "Sichigwiridwa. Pangano likuletsa. Komanso zaka zonsezi takhala tikuchithira mankhwala ophera njenjete. Mukavala, mutu utupa."

Nkhope ya Mfumu inagwa. Munthu woseka uja anatsegula pakamwa, kenaka n'kuona kuti si nthabwala, n'kutsekanso. Koma a Pakamwa sanasowe nzeru. Anapempha Mfumu kuti ikhale pansi, n'kuuza amuna anayi aja kuti anyamule bokosilo pamwamba pa mutu wake. Kwa munthu woima pamene panali kamera, ukatsinzina diso limodzi, zinkaoneka ngati Mfumu yavaladi. Lamulo linaperekedwa pomwepo kuti anthu onse atsinzine diso limodzi. M'manja munawombedwa mpaka mbalame zinathawa m'mitengo.

"Tsopano," analengeza a Pakamwa, "timve kuchokera kwa mdzukulu wa osunga chisoti!"

Anakwenda anayenda mwapang'onopang'ono. Chinkuzamawu anachigwira ngati munsi. Anayang'ana khamulo, anayang'ana asilikali amene anandanda m'mbali, kenaka n'kuyang'ana Anamphadwe, amene anakhala kutsogolo atatembenuzira khutu labwino kumene kunkachokera fungo la nyama.

"Makolo athu ndiwo ankasunga..." anayamba motero. A Pakamwa ankagwedeza mutu, milomo ikuyenda nawo limodzi. Koma Anakwenda anaima pomwepo. Anatembenukira kwa mlendo uja.

"Mwanawe, ndikufunseko. Ife timamva kuti azungu sachita kanthu osalemba. Bambo amene anatenga chinthuchi sanalembe za tsikulo?"

Mayi Ingilidi anafiira kuposa poyamba. "Analemba, amayi. Buku lake la paulendo ndili nalo. Koma mawu ake si abwino."

"Ife mawu oipa tinawazolowera. Tawerenga."

Mtsikanayo anatulutsa mapepala m'chikwama n'kuyamba kumasulira. "Tafika pa Kathawa m'mawa. Anthu athawira kuphiri. Tatenga mbuzi khumi ndi zinayi, ndipo tagwira amuna anayi onyamula katundu. Pankhokwe ya nyumba ina, imene ogwidwawo akuti ndi ya Nakwenda, ndapeza chinthu choluka chokongola ndipo ndachimasula. Ndinafunsa wophika wanga Ndinepano ngati chingakhale chisoti cha mfumu. Iye wati ndaganiza bwino kwambiri, monga mwa masiku onse."

Kunamveka mbuzi ikulira kutali, kuseri kwa mpanda wachifumu.

"Bwereza, mwanawe, mokweza," anatero Anakwenda. "Kuyambira pankhokwepo. Pali mayi apa khutu lina silimva."

Mayi Ingilidi anabwereza.

"Zikomo. Ine nkhani yanga ndi yaifupi. Ilo ndi khuntho. Eni ake ndi Anamphadwe, awo akhala apowo. Agogo anabwereka kuti akunthire mowa wa dima. Sitinabise, sitinapatse munthu, ndipo sitinavine. Ndathera pamenepa."

Mfumu inakhala chikhalire pansi pa bokosi lija, maso ali patsogolo, osaphethira. Manja a amuna anayi aja anayamba kunjenjemera, khuntho n'kumagwedera pang'onopang'ono pamwamba pa dazi lachifumu. Mkulu wa asilikali anayang'ana Mfumu, Mfumu inayang'ana kamera, kamera inayang'ana onse. Munthu sagwidwa alendo akujambula.

A Pakamwa analumpha n'kulanda chinkuzamawu. "Mwamva, anthu a Tavomera! Mwadzimvera nokha! Mafumu athu akale anali odzichepetsa kotero kuti chisoti chawo chenichenicho ankalola amayi kukunthira mowa! Ndi dziko liti lina limene mfumu ndi mbiya ankavala chimodzi?"

"Tavomera!" linayankha khamulo. Akuti chiyambire ufumuwo mawuwa sanamvekepo mokweza chotero, chifukwa chiseko chimene anthu anachimeza kuyambira Lachitatu lija chinayenera kutulukira penapake. Ena anavomera mpaka misozi.

Ng'oma zitayamba ndipo bokosi litaikidwa patebulo, Anakwenda anapita kukagwada pafupi ndi Mayi Ingilidi. Kwa iwo ntchito inali isanathe. Ku Kathawa chobwereka sachibweza ndi mawu. Umachinyamula ndi manja awiri, n'kuchiika m'manja mwa mwini wake, anthu akuona.

"Mwanawe, tanditsegulira kagalasika pang'ono chabe. Ndingolinyamula n'kuwapatsira mayiwa. Za mankhwalazo usade nkhawa, tikasamba."

Misozi inalengeza m'maso mwa mtsikanayo. "Pepani, amayi. Ndikanakonda. Koma kiyi ali kwathu, kwa akuluakulu. Ife tangobwereketsa."

Anamphadwe anali atafika pafupi, akutsamira ndodo. Anaweramira galasilo n'kuliyang'anitsitsa khuntholo, kuyambira kukamwa mpaka kunsonga. Chala chawo chinayenda pagalasi motsata mizere itatu ija.

"Wati mwatani, mtsikana?"

"Tabwereketsa, agogo. Zaka zitatu."

"Mwabwereketsa yani?"

"Dziko lanu."

"Khuntho langali?"



"Kwanuko zinthu zimayenda bwino," anatero Anamphadwe. "Zikatha zaka zitatuzo tikachedwa kubweza, mudzatitcha dzina lanji?"

Anakwenda anayang'ana gogoyo mwachiyembekezo. Anaganiza kuti basi zatheka. Koma gogoyo anawongoka n'kuwatembenukira nkhope ili gwa.

"Pepala ndalimva, Anakwenda, kawiri konse. Koma pepalalo analemba ndi munthu yemweyo amene analemba kuti ichi ndi chisoti. Ndimukhulupirire pati, ndimusiye pati? Chobwereka chimabwera m'manja. Manja anga ndi awa." Anawatambasula, ali mbee. "Ndipo ine mpaka lero mutu wanga ukukana. Mwamuna wamkulu, wovala jombo, wokhala ndi mfuti, kuima pankhokwe ya mkazi n'kumamasula khuntho? Ayi. Tiyeni kunyama."

Anakwenda anafika kunyumba n'kukhala pakhonde, kuyang'ana miphika yawo iwiri ija. Ndaziona anawafunsa kuti zayenda bwanji, iwo anangoti, "Nyama inali yolimba."

Kunyumba yachifumu nako sikunagonedwe bwino. Bwalo linakumana masiku atatu otsatizana kusinkhasinkha mawu a a Pakamwa. Ngati khuntho ndi chisoti, ndiye kuti chisoti chili pankhokwe iliyonse. Ngati chisoti chili pankhokwe iliyonse, ndiye kuti m'dzikomo muli mafumu zikwizikwi, ambiri a iwo amayi. Nduna ya Zachitetezo inatuluka thukuta itamva zimenezi. Loweruka wailesi inalengeza lamulo latsopano. Kusunga khuntho ndi kulakalaka mpando. Makuntho onse asonkhanitsidwe, akasungidwe mosamala m'Nyumba ya Chuma cha Makolo imene idzamangidwe posachedwa, kuti mibadwo ya m'tsogolo idzawaone m'galasi.

Pamsika wa Tsitsaniko anthu analandira lamulolo mwaulemu.

"Mowa wa chaka chino ukufuna mano," anatero wogulitsa nyama, akulavula masese.

"Musadandaule," anatero mayi wa tomato. "Kale tinkamwa n'kukadya kunyumba. Pano boma latiphatikizira."

"Ine mkazi wanga anamugwira dzulo ali ndi zisoti ziwiri."

"Ziwiri! Ameneyo amafuna kulanda ndi dziko loyandikana nalo lomwe."

Ku Kathawa lole ya asilikali inafika Lachiwiri, dzuwa likuswa mtengo. Anakwenda lawo analipereka msanga, popeza anali atayankhula kale zokwanira chaka chimenecho. Kenaka anaima pampanda n'kumaonerera lole ikusunthira kwa anansi awo.

Anamphadwe anali atakuntha mowa dzulo lake, ndipo khuntho lawo linali pankhokwe, likadali lonyowa. Msilikali wina wamkulu thupi, wandevu zaimvi, mfuti ili kumsana, anatsika n'kulunjika komweko. Jombo zake zinaphwanya chipande chimene chinali pansi, iye osaona n'komwe. Anayamba kulimbana ndi mfundo ya chingwe, ikumukanika, mpaka anaikoka ndi mano. Atamasula anatulutsa kapepala kokhala ndi nambala n'kumangirira pakhuntholo.

"Dzina, agogo?"

Anamphadwe anaima pakhomo, lichero lili m'manja.

"Ndati dzina!"

"Namphadwe."

"Mudzi ndi Kathawa." Msilikaliyo ankalemba atatulutsa lilime. "Chaperekedwa mwachimwemwe. Dindani chala apa."

"Mwana wanga, ukalitani khuntholi? Umadziwa kukuntha?"

"Ine sindidziwa, agogo. Atituma."

Analiponya m'lole pamwamba pa mulu wa anzake, lole n'kunyamuka. Anamphadwe anatsala ali chiimire, chala chili buluu ndi inki, akuyang'ana chingwe chimene chinkalendewera pankhokwe. Anaima choncho mpaka fumbi linatha. Anakwenda anachoka pampanda mwakachetechete, chifukwa si bwino kuonerera munthu wamkulu nthawi yotere.

Dzuwa litapendeka, ali pakhonde akupeta mawere a thobwa, anamva ndodo ikugogoda pansi, ikubwera pang'onopang'ono.

"Odi pano."

Anadzidzimuka. Chibadwire chawo, munthu wa kwa Mphadwe anali asanapondepo pabwalo limenelo. Anamphadwe anaima pachipata, pamutu atasenza mphika uja waukulu kuposa yonse, umene umaphika nyemba za mudzi wathunthu. Khosi linkanjenjemera ndi kulemera kwake.

"Amayi inu, mudzipweteka!" Anakwenda anathamanga kukawatula. Anayala mphasa. Gogoyo anakhala pansi movutikira, n'kupuma kaye nthawi yaitali, akuyang'ana chala chake chija.

"Ndaona ndi maso anga," anatero potsiriza. "Mwamuna wandevu. Jombo. Mfuti. Mpaka kumasula ndi mano."

Gogoyo anakweza maso n'kuyang'ana Anakwenda.

"Agogo anu ananena zoona."

Mawuwo anali ochepa, koma Anakwenda anamva ngati wina wawatula mtolo wa nkhuni umene anausenza ali mwana. Anafuna kuseka, m'malo mwake misozi ndiyo inabwera. Anapukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Zaka zonsezi, amayi. Amayi anga anamwalira asanabwerekepo ngakhale sefa."

"Ndikudziwa. Ndine ndinawakaniza." Anamphadwe anapukusa mutu. "Mzungu anali kutali, mwana wa mnzanga. Tikanakamutukwanira kuti? Inu munali pompa, kuseri kwa mpanda."

Nkhuku inabwera kudzajompha mawere, palibe anaiingitsa.

"Ukwatiwu ukufuna miphika ingati?"

"Itakhala khumi, tingapume."

"Uwu ndi umodzi. Yotsalayo mukatenge nokha, ine msana watha." Anagwira ndodo kuti adzuke, kenaka n'kuloza Anakwenda ndi chala cha inki chija. "Koma musadzere kumpanda kuno ngati wakuba. Mawa dzuwa lili pamutu, amayi akuchokera kumjigo, mudzatuluke pakhomo panga mutasenza. Muzungulire kubwalo, mudutse pachigayo, mudzafike kuno. Umodziumodzi. Wina akakufunsani, mudzamuuze kuti mwabwereka kwa Anamphadwe."